Wamabeseni Wosanenerera

Sendezani chikunicho chisazime, ndipo amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa nkhani iyi safuna kuidula pakati.

Kumudzi wina kuseri kwa Madisi kunali mayi wina dzina lake Filesi, koma ambiri ankamuitana ndi chiwongo cha bambo ake, Nagama. Pamsika ankamudziwa bwino. Wogulitsa usipa akamuona akubwera ankayamba kudandauliratu asanafunsidwe mtengo. Filesi ankatha kunenerera singano mpaka mwini wake kumuwonjezera ulusi kuti angochokapo.

Pakhomo ankakhala ndi mwamuna wake Lufeyo, ndi bambo ake okalamba, a Gama. A Gamawa anali mkamwini wochokera ku Ntcheu. Akazi awo a Nachisale atamwalira, mwambo unali wodziwika: akuchikazi ndi akuchimuna akhale pansi, amusudzule mwamunayo, ndiko kumumasula ku ukwati, katundu wa malemu agawidwe, mkamwini abwerere kwawo. Koma tsiku la msudzulo panabuka mkangano wa chitseko. A Zakeyu, mlongo wa malemu, anati matabwa a chitseko cha nyumbayo anali awo. Ankhoswe a ku Ntcheu anati chitsekocho ndi thukuta la mbale wawo la ku migodi. Anthu anabalalika thobwa lisanathe mumtsuko. Zaka zinapita, ankhoswe aja anamwalira mmodzimmodzi, chitseko chinadyedwa ndi chiswe, koma a Gama anatsala osasudzulidwa, ndipo katundu wa a Nachisale anatsala m'chipinda chake osagawidwa.

Filesi sanadandaule nazo. Chitseko chimenecho chinamusungira bambo ake. Ku Ntcheu kunalibenso wowadziwa, ndipo kuno ankamwa naye tiyi m'mawa, kumusendera mtedza, kumusokera matumba, ndi kumuseka akabwera kumsika atakwiya. Munthu yekhayo amene Filesi sankamunenerera pa chilichonse anali bambo akewo.

Ndiye Lufeyo anagula njinga yamoto yakabaza.

Njingayo inkagona pabalaza kuopa akuba, ikudontha mafuta pamkeka ngati mwana wosaphunzitsidwa.

"Nagama," anatero Lufeyo m'mawa wina akusisita bondo, "ndapunthwanso. Chipinda chija mukugona makoswe ulele, pomwe chinthu chotidyetsa chikugona panjira."

"Muli katundu wa amayi."

"Amayi akumufuna? Atumiza uthenga?"

Filesi anaseka, nkumugenda ndi chikho. Koma dzuwa litakwera anatsekula chipindacho. Munali fungo la fumbi ndi la sopo wakalekale. Anayamba kutulutsa zinthu pabwalo: mtondo wong'aluka pakamwa womangidwa ndi waya, simbi yositira ya makala, nyali yagalasi, mpando wandalema, miphika yadothi, sutikesi yamalata yodzaza zitenje, ndi bulangete lofiira limene a Gama anabwera nalo kuchokera ku migodi chaka cha ukwati wawo.

A Gama ankangoyang'ana ali pakhonde.

"Mayi," anatero, poti ndi mmene ankamuitanira mwana wawoyo akafuna kumuuza zenizeni, "katundu ameneyu sanagawidwe."

"Ndikudziwa, Ababa. Ndikungomuwombetsa mphepo."

Unali mwezi wa Okutobala, masana amene ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa pamthunzi. M'njira munalibe munthu. Kenaka kunamveka mawu, osakuwa, ngati munthu akulankhula m'mtsuko.

"Mabeseni. Osintha mabeseni."

Amalonda oterewa amadziwika. Amasenza mabeseni ndi ndowa zapulasitiki, nkumasinthitsa ndi chimanga, mtedza, zovala zakale kapena zitsulo. Koma amabwera nthawi yokolola, nkhokwe zikadzaza, osati mwezi umene anthu ayamba kuwerama kuti aone pansi pa nkhokwe. Uyu anali mayi wamfupi, mabeseni atawasanjikiza pamutu kutalika kwake kuposa mwini. Beseni lapansi linali lalikulu kwambiri moti mthunzi wake unkabisa nkhope. Mapazi ake anali mbuu, ngati wayenda paphulusa. Galu wapakhomo, Zakwanu, amene ankauwa ngakhale abusa, anadzuka, kupita kwa mlendoyo, nkugona pamapazi ake akugwedeza mchira.

"Mtondowo," anatero mayiyo.

Filesi anamva magazi a malonda akuthamanga. Mtondo wong'aluka! Anaumitsa nkhope monga ankachitira pamsika.

"Uwu ndi wa mtengo wa mbawa, mayi. Masiku ano simungaupeze. Beseni lalikulu ndi ndowa yachivundikiro, apo ayi pitirirani."

Anadikira kuti mlendoyo aseke, agwire pachifuwa, anene za ana ake amasiye, ayende pang'ono ngati akupita, abwerenso. Umo ndi mmene malonda amakomera. Koma mayiyo anangotambasula dzanja, kutsitsa beseni ndi ndowa, nkuziika pansi. Ananyamula mtondo uja ngati chipanda, kuukhazika pamwamba pa mabeseni, nkutembenuka.

Filesi anatsala ali chilili, ndowa ili m'manja. Anapindula, koma m'kamwa munali ngati wadya ndiwo zopanda mchere.

"Ukanapempha zitatu," anatero Lufeyo madzulo.

Dzuwa litafiira, akudya panja, kunamveka kusinja kuchokera kutsidya kwa dambo, kumene kulibe nyumba, kuli msitu wa kumanda wokha. Du, tswee. Du, tswee. Munsi ukagunda, waya ankalira. Lufeyo anati ndi anthu a kumudzi wina, mphepo ikungobweretsa phokoso. Koma kunalibe mphepo. A Gama anasiya kudya, nkuyamba kugwedeza mutu motsatira kagundidweko, maso atatsinzina pang'ono.

Mawa lake, nthawi yomweyo ya kutentha, mawu aja anamvekanso.

"Simbi ija. Mwaibwezera m'kati, kuseri kwa sutikesi."

Filesi anafuna kufunsa kuti wadziwa bwanji. Koma m'manja mwa mayiyo munali kale beseni lobiriwira, lonyezimira, la mtundu umene mkazi wa aphunzitsi ankanyadira nawo pamjigo. Munthu amatha kukana njala, koma kukana chinthu chimene mnzake ali nacho nkovuta. Simbi inapita.

Popita kukatunga madzi anafunsa amayi a nyumba yoyandikana ngati nawonso anasinthitsa kanthu.

"Wamabeseni uti? Ine ndakhala pakhonde kuyambira m'mawa ndikusankha nyemba. Wadutsa apa ndi mbuzi ya a Zakeyu yokha."

M'mawa mwake, Filesi atalowa m'chipinda cha bambo ake ndi tiyi, anapeza malaya awo oyera atapindidwa pampando. Anali ositidwa, mzere wakuthwa pamkono, kolala itapsa pang'ono kunsonga yakumanzere. A Nachisale ankapsereza pamenepo nthawi zonse, chifukwa ankasita akulankhula. Filesi anaika dzanja pamalayawo. Anali ofunda, akununkha makala.

"Wasita ndiwe?" Lufeyo anamufunsa ali pakhomo.

"Ndisite ndi chiyani? Ndi beseni?"

Filesi anamukokera mwamuna wake kuseri kwa khitchini nkumuuza motsitsa mawu kuti mayi uja akabweranso asapatsidwe ngakhale chigamba. Lufeyo anavomera ndi mutu, monga amavomerera amuna amene maso awo ali pa njinga.

Linali tsiku la msika, ndipo Filesi anapita ndi tomato wake. Sanagulitse bwino. Mtsikana wina anamunenerera, iye nkungovomera, mpaka anzake ogulitsa anafunsana ngati Nagama wadwala. Atabwerera kunyumba anaima pampata wa mpanda, dengu lili pamutu. Bwalo lonse linali mabeseni. Ofiira, achikasu, obiriwira, ndowa, mbale, makapu. Chipinda cha amayi ake chinali chosesedwa, ndipo pakati pake panaima njinga yamoto.

"Usandiyang'ane choncho," anatero Lufeyo. "Munthuyo sakana. Ukatchula, akupatsa. Mwayi woterewu umabwera kawiri?"

"Nyali? Sutikesi? Miphika?"

"Zonse. Chatsala ndi bulangete lokha. Apongozi analikaniza."

A Gama anali pakhonde, atavala malaya ositidwa aja, jekete ndi nsapato zopolisha. Bulangete lofiira linali pamiyendo pawo, dzuwa likuswa mtengo. Mpando wawo anali atautembenuza kuloza kunjira ya kudambo.

Madzulo anakana chakudya.

"Ndadya kale, mayi."

"Mwadya kuti, Ababa? Pano sindinaphike."

Anangoyang'ana kunjira ya kudambo. Koma Filesi atawerama kuti awakonzere bulangete, anamva fungo la nkhwani wotendera, wothira tsabola wakambuzi. Iye chiyambire sanathirepo tsabola mu nkhwani. Ankathira ndi amayi ake.

Anagwada pafupi nawo.

"Ababa, ndiuzeni."

"Amayi ako akhala nthawi yaitali pabwalo popanda kanthu," anatero a Gama mofatsa, ngati akunena za mnansi wosamuka. "Tsopano asinja, asita, ayatsa nyali. Pakhomo palongosoka. Kwatsala chofunda."

"Chofunda chokha?"

Anamuyang'ana mwachifundo.

"Iwe ndiwe wamalonda, Nagama. Bulangete ili ndi la anthu awiri."

Pamenepo ndi pamene Filesi anaona chimene anachita. Katundu wogawidwa amakhala wa amoyo. Uyu sanagawidwe, choncho anali akadali wa mwini wake, ndipo mwini wake anali atamutenga. Ndipo mwamuna wosasudzulidwa amakhala akadali wa mkazi wake.

Dzuwa litangotuluka, Filesi anali kale pakhomo pa a Zakeyu.

"Amalume, tiyeni mukawasudzule bambo anga. Lero lomwe."

A Zakeyu anali akuwotha dzuwa, akutafuna nzimbe ndi mano amene anatsala.

"Nanga chitseko changa?"

"Chinadyedwa ndi chiswe, amalume."

"Ndiye chiswecho chidzandipepese."

"Amalume, mtondo wa amayi ndinausinthitsa."

A Zakeyu anasiya kutafuna. Analavula zinyalala za nzimbe, nkuyang'ana kudambo.

"Ndiye ndi iwe," anatero. "Ndakhala ndikumva. Ndinati makutu a ukalamba. Mlongo wanga yekha ndiye ankasinja mopumira choncho, ngati akumvetsera miseche." Anatenga ndodo yawo. "Koma udziwe, tikawasudzula, mwambo ukuti apite kwawo ku Ntcheu."

"Apite pakamwa pokha. Mawa abwere ngati mlendo. Mlendo sathamangitsidwa."

"Mwana iwe ungamunenerere ngakhale Mulungu."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango dzuwa litapendeka. A Zakeyu pampando, a Gama pampando wawo ndi bulangete lawo, Filesi pamkeka, Lufeyo chapatali monga ayenera kukhalira mkamwini. Galu Zakwanu anadzuka mwadzidzidzi nkuthamangira kumpata. Mayi uja anali ataima pamenepo. Lero analibe mabeseni. Pamutu pake panali nkhata yokha, yodikira katundu. Dzuwa linali kumbuyo kwake, ndipo ngakhale panalibe chobisa nkhope, Filesi sanathe kuiona. Maso ake ankangoterereka, monga amachitira munthu akafuna kuyang'ana dzuwa lenilenilo. A Zakeyu sanatembenukire kumeneko ngakhale pang'ono.

"Alamu," anayamba a Zakeyu, "tinakulakwirani. Ankhoswe anu anatha, ndiye ndilankhula ndekha. Munatisungira mlongo wathu bwino, munamuika m'manda ndi ulemu. Ife akuchikazi tilibe nanu mlandu. Za chitseko ndazisiya. Lero tikukumasulani. Simulinso mwamuna wa Nachisale."

Apa wosudzulidwa amayenera kuwomba m'manja kuti walandira. Onse anadikira. Manja a a Gama anali phee pabulangete.

"Ababa, wombani m'manja," anatero Filesi.

"Alamu, zikomo," anatero a Gama. "Mawu abwino. Akanabwera kale, mwina. Koma ndani anakuuzani kuti ndikufuna kumasulidwa?"

"Ababa!"

"Ndinabwera kuno ndili mnyamata, ndi bulangete ili ndi sutikesi yobwereka. Amene anandilandira ndi iye. Lero ndiwombe m'manja kuti sindimudziwa, ali chiimire akumva?"

Filesi anakwawa ndi mawondo mpaka kugwira nsapato zawo. Misozi inali pafupi, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwake ndi chimene ankachidziwa bwino.

"Chipinda chija ndikupatsani inu. Njinga igone panja, akuba aitenge."



"Ndili nacho chipinda, mayi."

"Tiyi wamkaka tsiku lililonse. Nkhwani ndizithira tsabola."

A Gama anaseka mpaka kutsokomola.

"Umayamba ndi mtengo wotsika nthawi zonse. Amayi ako enieni."

"Ndiye tchulani inuyo! Zaka zisanu."

"Ayi."

"Chaka chimodzi. Mudye nafe chimanga chatsopano."

"Akhala akudikira kokwanira."

"Nanenso ndine wanu, Ababa. Mukuchoka ngati mlendo wa pabasi? Munda sitinabzale. Mbewu ya mtedza mwasenda theka. Mundisiyira ntchito yatheka?"

Mawu amenewa anawagwira a Gama. Anali munthu amene chiyambire sanasiyepo mzere pakati. Anatembenukira kumpata, nkulankhula ndi mawu ena, ofewa, amene Filesi anawamva komaliza ali mwana, kudzera pakhoma.

"Mwamumva mwana wanuyu? Akuti mpaka mvula."

Kumpata sikunachokere mawu. Masamba a mango okha anagwedezeka, mphepo palibe.

"Mvula yoyamba," anatero a Gama.

"Chizimalupsa sichiwerengedwa!" anafulumira Filesi, akuloza chala kumpata, mantha onse ataiwalika. "Kamvula kongozimitsa phulusa la kutchire si mvula. Tikunena yobzalira, yonyowetsa nthaka mpaka khasu kulowa lonse. Tigwirizane pano, pali mboni."

Kenaka kunamveka kaphokoso kakang'ono, kotulukira m'mphuno, ka munthu amene akuyesa kubisa kuseka. Filesi ankakadziwa. Kanali ka amayi ake. Atayang'anitsitsa, pampata panali galu yekha, akununkhiza fumbi.

"Avomera," anatero a Gama. Anavula jekete, nkupempha madzi akumwa.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mudzi wonse munali munthu mmodzi yekha wodana ndi mitambo. Anthu ankayang'ana kumwamba ndi chiyembekezo, Filesi ankayang'ana ngati akuona wobwera kudzalanda mbuzi. Kutchalitchi akapempherera mvula, mpingo wonse unkati ameni, iye nkuluma mlomo. Kumsika anasiya kupita. Ankakhala pakhonde ndi bambo ake kusenda mtedza, iye akusenda pang'onopang'ono dala, nthawi zina kubwezera wosasenda m'thumba akaganiza kuti sakumuona. Iwo ankaona, nkumangomusiya. Anamuuza malire enieni a munda, ndi dzina la mudzi wawo ku Ntcheu, ndi mmene anakumanirana ndi amayi ake pachigayo, akukangana za amene anafika poyamba.

Chizimalupsa chinagwa masana ena, madontho akuluakulu otalikirana, nkusiya fungo la fumbi lonyowa. Filesi anaima pakhomo atatambasula manja ngati akutchinga mbuzi. A Gama sanadzuke pampando.

"Apa wapambana," anatero. Madzulo amenewo anadya mbale ziwiri.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Anthu anayamba kunong'onezana kuti pali amene waimanga, ndipo Filesi akadutsa pamjigo ankayenda ngati wakuba, ngakhale sanamange kanthu. Kutsidya kwa dambo kusinja kunkamveka dzuwa likamalowa, kosafulumira, kwa munthu amene akudziwa kuti malonda anatha.

Ndiye tsiku lina m'mawa kunacha kopanda mphepo, nyerere zikusamutsa mazira. Pofika masana kumvuma kunada bii. Kunagunda kamodzi, pansi nkunjenjemera. Madontho oyamba anagwa pamalata ngati wina akuponya nyemba, kenaka kumwamba kunatseguka. Ana anathamangira panja akukuwa. Kutsidya kwa mpanda amayi ena analulutira.

Filesi anali pakhonde, atagwira dzanja la bambo ake.

"Yongowaza iyi, Ababa. Ikudutsa."

Madzi anayamba kuyenda pabwalo, ofiira, atanyamula zitsotso. Panjira panadutsa amuna awiri akuthamanga, matumba ali pamutu. "Yobzalira iyi, a Gama!" anakuwa mmodzi. "Mawa kumunda!"

"Sadziwa kanthu amenewo," anatero Filesi. "Pansi pakadali pouma. Ndikukumbireni muone?"

"Usaname, mayi. Suli pamsika pano."

Anamufinya dzanja, nkulichotsa m'manja mwake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anaimirira popanda ndodo, kupinda bulangete, kuliika paphewa, nkutsika pakhonde.

Filesi anafuna kuwatsatira, koma pangano linali pangano. Anangothamangira pamzati wa khonde nkuugwira. Anawaona akudutsa pabwalo, kutuluka pampata, kulowa njira ya kudambo. Sankathamanga. Ankayenda atawerama pang'ono kumanzere, mutu atautsitsa, monga amayendera munthu wamtali amene wina wamfupi wamufunditsa ambulera. Mvula inkagwa paliponse, koma pamutu pawo inkapatuka, nkumatsikira m'mbali. Phewa lakumanja lokha ndi limene linkanyowa. Pafupi ndi dambo anatembenuzira nkhope kumanzereko, ndipo mapewa awo anagwedezeka ngati auzidwa nkhani yoseketsa. Kenaka mvula inawaphimba.

"Nagama."

Anali Lufeyo, kumbuyo kwake, pakhonde pomwepo. Mawu ake anali aang'ono, ndipo anali atavula chipewa.

"Nagama, usayang'ane kunjira. Tatembenuka udzaone apongozi pampandopa. Ndawaitana kawiri, sakuyankha."